Dothi la ku Eldora ndi lomwe linatiyambitsa

Ine ndi mayi akunyumba tinayamba kutsuka magalimoto chifukwa cha usiku umodzi, Lachitatu pa 24 July 2013. Tsikulo a NASCAR, bungwe loyendetsa mipikisano ya magalimoto ku America, anabweretsa mpikisano wa mapikapu ku Eldora Speedway, bwalo ladothi la Tony Stewart, katswiri wa mipikisano ya magalimoto, lomwe lili pakati pa minda ya chimanga ku Darke County, kuno ku Ohio. Chichokereni 1970, mipikisano ikuluikulu ya NASCAR inali isanachitikenso padothi, ndiye anthu anabwera ngati dzombe. Anapambana ndi Austin Dillon. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndinachiona m'mawa mwake: makalavani ndi magalimoto a anthu odzaonerera ali mbuu, ena magalasi osaoneka n'komwe.

Chaka chotsatira tinagula makina opopera madzi, thanki ndi jenereta, n'kumangirira zonse pangolo. Dothi lija linatiphunzitsa lokha. Ndi mtapo, ndipo ukauma umakakamira ngati simenti. Kupukuta ndi nsanza ndiye kukala penti ya mwini. Umayamba waunyowetsa, n'kudikira kuti ufewe, kenaka kupopera kuyambira pamwamba. Mayi ndi omwe anatulukira zimenezi, ine ndinkafulumira.

Mpikisano umenewu ndinkaukonda, ndipo sindibisa. Galimoto zolemera, zopangidwira tala, zikukhota chammbali maulendo 150 kuzungulira bwalo la theka la mailo, zina zikukhula khoma! Bubba Wallace anapambana mu 2014, kenaka Christopher Bell, Kyle Larson, Matt Crafton, Chase Briscoe, chaka chilichonse munthu wina. Womaliza anali Stewart Friesen mu 2019, ndipo tinapakira zida zathu osadziwa kuti tatsanzikana nawo mpikisanowo.

Mu 2020 mliri wa COVID-19 unaletsa mpikisanowo. Pofika 2021 mapikapu anapita kukathamanga padothi la ku Bristol, ku Tennessee, ndi ku Knoxville, ku Iowa, ndipo ku Eldora sanabwererenso. Zinatiwawa, chifukwa sabata imeneyo inkatibweretsera makasitomala ochokera kutali omwe tinali titazolowerana nawo.

Bwalolo silinatsekedwe. Mipikisano ina yapabwaloli, Kings Royal mu July ndi World 100 mu September, imatipatsabe ntchito, ndipo alimi omwe anatidziwira kumpikisano kuja amatiitana kukatsuka mathirakitala akatha kukolola. Thanki ija ya mu 2014 ikadali pangolo, ngakhale pansi pake tamatapo kawiri.