Mavolti 12 amene anandisocheretsa pa Corolla yakale

Sabata yachitatu ya maphunziro anga a kugalaja, kunabwera Toyota Corolla ya automatic, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ikukokedwa ndi chingwe. Mwini wake, bambo wachikulire ndithu, anali atatopa nayo. M'mawa imalira bwinobwino. Akayenda kamtunda n'kuima pamsika, pobwerera akapotokola kiyi imangoti kha kamodzi, kenako zii. Batire anali atagula latsopano, sitata inali itamasulidwa kawiri kwina, koma vuto lili pompo. Ndipo automatic siili ngati ya manual yoti anyamata akankha n'kulira. Pampu ya mafuta a m'giyabokosi imazungulira ndi injini, ndiye injini ikakhala chete, mateyala sangaizungulitse. Pa chifukwa chomwecho, kuikoka mtunda wautali mateyala akutsogolo ali pansi kumawononga giyabokosi. Bambo aja tinawauza zimenezi asanakhale n'komwe pansi.

Abwana amene akundiphunzitsa sanandilole kugwira sipanala. Anati, "Mphwanga, yamba wandiuza njira imene moto umadutsa kuchoka pa batire mpaka pa sitata." Ndinajambula pansi ndi kamtengo. Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi waya wonenepa wochoka pa batire kupita pa bawuti yaikulu ya solenoid (switchi ya maginito yokhala pa sitata), imene mabuku amaitcha terminal 30. Umu mumadutsa moto wambiri, ma amp opitirira 100 pa injini ya masilinda anayi. Yachiwiri ndi kawaya kakang'ono kochoka pa kiyi, kudutsa pa inhibitor switch imene ili pambali pa giyabokosi, n'kukathera pa terminal 50 ya solenoid ija. Switchi imeneyi ndi mlonda: imalola moto kudutsa giya ikakhala pa P kapena pa N basi. Moto wonsewu umabwerera ku batire kudzera m'thupi la injini ndi waya wa earth. Pa galimoto iyi panalibe relay (kaswitchi kogwiritsa moto wochepa potsegulira njira moto wambiri) pakati, kutanthauza kuti moto wonse wokoka solenoid umadutsa m'kiyi ndi m'switchi ija.

Zoyamba tinadutsamo msanga. Batire linali ndi mavolti 12.6. Tinayatsa nyali zakutsogolo n'kupotokola kiyi, nyali sizinafooke, kusonyeza kuti sitata sikukoka moto n'komwe. Tinayesa pa N, tinagwedeza ndodo ya giya kiyi ali pa START. Kamodzi inalira, kawiri inakana.

Apa m'pamene ndinaphunzira chimene ndalembera zonsezi. Ndinazula kawaya ka pa terminal 50, ndinaika multimeter (mita yoyezera magetsi), mnzanga n'kupotokola kiyi. Mita inawerenga 12.4. Ndinadzuka ndi chikhulupiriro chonse n'kunena kuti mawaya ali bwino, yafa ndi sitata. Abwana anangoti, "Bwezera wayayo pamalo pake, uyezenso ali wolumikizidwa." Ndinabwezera, ndinalowetsa nsonga ya mita kumbuyo kwa pulagi, kiyi n'kupotokoledwa. Mavolti 7. Waya yemweyo, mita yomweyo, mphindi imodzi yokha itadutsa.

Usiku umenewo ndinatsegulanso kope la m'kalasi pa lamulo la Ohm (mavolti ndi ma amp kuchulukitsa ndi ma ohm), limene ndinaliloweza kalekale kuti ndikhoze mayeso koma ndisanalionepo likugwira ntchito ndi maso anga. Multimeter ya digito imakoka moto wochepa kwambiri, pafupifupi palibe, chifukwa mkati mwake muli resistance (kukaniza moto kudutsa) ya ma ohm pafupifupi 10 miliyoni. Ndiye ngakhale waya atatsala kaulusi kamodzi ka kopa, mita iwerengabe 12. Solenoid ndi nkhani ina. Ili ndi makoyilo awiri, ina yokoka ndi ina yogwira, ndipo pa kamphindi kokoka kaja imafuna ma amp ngati 30. Pamalo pochita dzimbiri pakakhala 0.2 ohm yokha, kuchulukitsa ndi 30, mavolti 6 atayika panjira. Zili ngati paipi yotsekeka ndi matope: mpopi uli wotseka imaoneka yodzaza, ukatsegula madzi amangodontha. Funso la kutentha nalo linayankhika pomwepo. Kopa ikatentha resistance yake imakwera, ndiye solenoid yotentha imafuna mavolti ochulukirapo kuti ikoke. M'mawa, yozizira, imatha kukoka ndi moto wochepawo. Masana itaphikidwa ndi injini imalephera.

Mawa lake tisanayambe kusaka, abwana anafuna kuti nditsimikize ndekha za sitata. Giya pa P, handibuleki m'mwamba, miyala kumateyala, kenako tinagunditsa waya kuchoka pa terminal 30 kupita pa 50. Injini inazungulira mwamphamvu. Sitata imene inamasulidwa kawiri ija inalibe mlandu.

Kenako kuyenda ndi mita. Nsonga imodzi pa positive ya batire, ina ndikuisuntha malo ndi malo m'njira ya kawaya kaja, mnzanga akupotokola kiyi nthawi iliyonse. Poyeza motere mita imakuuza moto umene watayika pakati pa nsonga ziwirizo, ndiye nambala yabwino ndi yaing'ono. Potuluka pa kiyi panali bwino. Pang'ono kutsogolo, pansi pa chiwongolero, nambala inalumpha ndi mavolti 2. Nditasenda tepi yakuda ndinapeza kuti wina anadulapo waya poika alamu, alamuyo anachotsedwa, mawaya anangowapota ndi zala n'kukulunga tepi. Kopa inali itada bii. Ndinasangalala, ndinkafuna kulekera pomwepo, koma masamu sanakwane: tinataya mavolti opitirira 5, ine ndapeza 2. Atatu enawo anali pa pulagi ya inhibitor switch, pansi pamene pamafika madzi ndi matope nthawi ya dzinja. Mapini ake anali obiriwira ngati ndere.

Bambo aja atamva za switchiyi anafunsa ngati sitingangolumikiza mawaya ake awiri, kapena kuwaikira kabatani pa dashibodi monga anachitira mnzawo. Ndikumvetsa chifukwa chake, ndalama n'zovuta ndipo njirayo imagwiradi. Koma abwana anakana, ndipo ine ndili mbali yawo ndi mtima wonse. Mukadumpha switchi imeneyi, galimoto imalira ngakhale giya ili pa D kapena pa R, ndipo ikangolira imanyamuka. Pakhomo pamene ana amasewera kutsogolo kwa galimoto, kapena pagalaja pamene munthu waweramira mu boneti, imeneyo ndi ngozi yodikira tsiku. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene tili nawo m'misewu yathu ndi a automatic, ndipo akamakalamba njira yachidule imeneyi tiziiona kawirikawiri.

Pokonza tinayamba tachotsa negative ya batire, chifukwa waya wonenepa wa pa terminal 30 sudutsa pa fyuzi, sipanala ikakhudza bawutiyo ndi thupi la injini pamathetheka moto woopsa. Pamene panapotedwa paja tinadula mbali yakuda, tinamata ndi solder, n'kuvekapo heat shrink. Mapini tinawapala mpaka kopa inawala. Switchi yokha tinaikonza poima pake: kumasula mabawuti awiri, giya pa N, kulunjikitsa kamzere ka pa shafiti ndi mzere wa pa thupi la switchi, n'kumanganso. Kugwedeza ndodo ya giya kuja kunkathandiza nthawi zina chifukwa switchiyi inali itasuntha pang'ono.

Pomaliza abwana anandipatsa relay ya mapini anayi kuti ndiike ndekha. Pini 30 ku batire kudzera pa fyuzi, 87 ku terminal 50 ya sitata, 85 ku earth, 86 ku kawaya kochokera ku inhibitor switch. Mfundo ili pa 86 pamenepo: relay iyenera kulamulidwa ndi waya umene wadutsa kale pa switchi, kuti mlonda uja akhalebe pa ntchito. Tsopano kiyi ndi switchi, zimene zatumikira zaka zoposa 30, zimangonyamula moto wochepa wa koyilo ya relay, osafika ngakhale amp imodzi.

Ndinayezanso zonse injini ikuzungulira. Batire linatsika kufika 10.9, pamwamba pa 9.6 imene tinaphunzira kuti ndiwo malire. Pa terminal 50 panafika 10.6. Waya wonenepa unataya 0.3, wa earth 0.2. Tinayesa pa R, D, 2 ndi L phazi lili pa buleki, zii ponseponse. Tinaisiya ikulira theka la ola mpaka fani inazungulira, tinaizimitsa, ndipo abwana anandipatsa kiyi kuti ndiilize kasanu motsatizana. Inalira kasanu konse, bambo aja ataima pambali chipewa chili m'manja.