Matabwa amene ndinkabisa ndi vanishi

Bizinesi yathu ya ukalipentala tinaiyamba awiri, ine ndi mkazi wanga, tili ndi macheka, hamala, pulena ndi benchi imene ndinakhoma ndekha. Ine ndinkapala matabwa, iye ankasunga buku la ndalama, ndipo m'mawa uliwonse tisanatsegule chitseko tinkagwada pa utuchi n'kupereka ntchito ya tsikulo m'manja mwa Mulungu. Tinapangana kuti kasitomala aliyense azilandira chenicheni chimene walipira.

Kunyengerera tchimo kunayamba ndi tebulo limodzi. Munthu wina anafuna tebulo la matabwa olimba okhaokha, koma matabwa oterowo anandithera ntchito ili pakati, tsiku limene ndinalonjeza litayandikira. Ndinatenga matabwa ofewa, ena mwa iwo aawisi, n'kuwakhoma kunsi kumene maso safika, kenako ndinapaka vanishi wakuda. Mwini wake anasisita pamwamba ndi dzanja, anayamikira, n'kulipira mtengo wonse. Usiku umenewo sindinaone tulo. Nditabwereza kachiwiri mtima unandigunda pang'ono chabe, ndipo pofika tebulo lakhumi ndinkagona tulo tofa nato.

Chimene chimandiopsa ndikakumbukira n'chakuti palibe chilango chooneka chimene chinandigwera. Maoda anachuluka, tinalemba anyamata ntchito, chakhumi changa chinakwera, ndipo ndinkadzitonthoza kuti gawo la phindulo likupita ku nyumba ya Mulungu. Awatu ndi maganizo a Mfumu Sauli pa 1 Samueli 15, amene atalamulidwa kuwononga zonse za Aamaleki anasiya Agagi wamoyo pamodzi ndi nkhosa ndi ng'ombe zonenepa, n'kumati anthu azisungira nsembe. Samueli anamuyankha kuti kumvera kumaposa nsembe. Komatu Sauli sanagwe pampando tsiku lomwelo. Anapitiriza kulamulira ndi kutsogolera nkhondo, Mzimu wa Yehova atamuchokera, mpaka pa mutu 28 tikumupeza akufunsa Yehova osayankhidwa, kaya m'maloto kapena kudzera mwa aneneri, n'kukathera kwa mayi wobwebweta wa ku Endori.

Kwa ine chimene chinafa choyamba ndi pemphero. Mapemphero a m'mawa anafupika, kenako ndinkati tidzapemphera madzulo, madzulo n'kunena kuti ndatopa. Ndikafika pa Deuteronomo 25:13-16, pamene pakuletsa kusunga miyeso iwiri m'thumba, waukulu ndi waung'ono, ndinkatsegula tsamba lina mwachangu. Mkazi wanga anazindikira zonse kudzera m'buku lake, ndipo tsiku lina anandiuza modekha kuti, "Bambo, matabwa olimba amene tagula mwezi uno sakufanana ndi matebulo amene tagulitsa." Ndinamukalipira kwambiri, ine amene ndinali ndisanamukwezerepo mawu chikwatirane.

Amene ananditsegula maso ndi mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ntchito, yemwenso ndinachita kumutengera ndekha kutchalitchi. Ndinamupeza akumata mng'alu wa mwendo wa mpando ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, mwendo umene ukanathyoka munthu atakhalapo. Nditamudzudzula, anandiyang'ana mopanda mantha n'kuti, "Bwana, ndikungochita zimene ndimaona inu mukuchita. Vanishi abisa." Apo mpamene ndinazindikira kuti panali patatha miyezi mnyamatayu asakubweranso ku mapemphero, ndipo ine sindinamufunsepo chifukwa. Ndinakumbukira Akani pa Yoswa 7, amene anakwirira m'hema mwake chovala cha ku Sinara, masekeli 200 a siliva ndi golide wolemera masekeli 50, koma amene anayamba kufa ku Ai anali amuna ngati 36 amene sanakhudze n'komwe zinthuzo. Ndinkayesa kuti chinyengo changa chili kunsi kwa tebulo, chonsecho chinali chitalowa kale mumtima mwa mwana wa eni ake.

Kulapa kwa pakamwa pokha ndinaona kuti sikukwanira, pakuti Zakeyu pa Luka 19:8 analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda monyenga. Kanayi sindikanakwanitsa, koma tinatenga buku lija n'kulemba mayina onse, ndipo ndinayenda khomo ndi khomo, ndikutembenuza matebulo pamaso pa eni ake. Ena anakhululuka, wina anandinyoza pamaso pa ana ake n'kulamula kuti ndibweze ndalama zonse, ndipo ena sindinawapezenso. Tinagulitsa makina opalira matabwa kuti tikonze zimene ndinawononga, makasitomala angapo n'kutithawa.

Pemphero linabwerera pang'onopang'ono, ngati mmene mwendo wadzanzi umatsitsimukira. Lero kunsi kwa tebulo lililonse timakusiya kosapaka, ndipo kasitomala asanalipire timalitembenuza kuti aone yekha. Mnyamata uja anachoka n'kukatsegula malo akeake, ndipo kutchalitchi sanabwererebe. M'mawa uliwonse tikagwada pa utuchi, dzina lake ndi limene timayamba kulitchula.