Alendo a usiku pa tsamba la shopu yathu

Sabata yatha ndinatsegula mndandanda wa alendo amene amafika pa tsamba la pa intaneti la shopu yathu ya mabuku ku Limbe, ndipo ndinadabwa kuona kuti ambiri amabwera pakati pa usiku, nthawi imene ngakhale maminibasi a ku Ndirande amakhala atasiya kuyenda. Pa mayina awo panali mawu akuti bot, crawler ndi spider. Chingerezi ndinaphunzira ndithu, koma mawu amenewa anandiimitsa mutu, choncho ndinaitana mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira za makompyuta ku MUBAS.

"Amalume, amenewatu si anthu, ndi mapulogalamu," anatero akuseka.

Bot ndi chidule cha robot. Crawler ndi chokwawa, chifukwa pulogalamuyo imawerenga tsamba limodzi, n'kutsata malinki onse amene yapezamo mpaka kufika pa masamba ena, monga mmene kangaude amayendera pa ukonde wake, ndipo dzina lakuti spider linachokera pomwepo. Googlebot, pulogalamu yokwawa ya Google, imachita zimenezi kuti munthu wofuna buku pa Google aipeze shopu yathu. Si zachilendonso, pakuti mu 1993 Matthew Gray wa ku yunivesite ya MIT ku America anali atapanga kale chokwawa chotchedwa World Wide Web Wanderer kuti ayeze kukula kwa ukonde wa masamba a pa intaneti.

Mawu amene anandisautsa ndi scraping. Iye anandikumbutsa za kupala nkhoko mumphika wa nsima: supala mphika wonse mwachisawawa, umalimbana ndi chimene chamatirira chomwe ukuchifuna. Chokwawa chimayenda kuti chidziwe zimene zilipo ndi kumene zili, pamene chopala chimabwera chitadziwa kale chimene chikufuna, kaya mitengo, mayina a mabuku kapena manambala a foni, n'kuzisanja m'mizere kuti mwini wake azigwiritse ntchito. Ndiye kuti wogulitsa mnzanga akhoza kukopera mitengo yanga yonse m'mawa uliwonse osaponda pakhomo panga. Kunena zoona, zimenezi sizinandikomere, ngakhale kuti mitengoyo ndinaiika poyera ndekha.

Nditafunsa ngati pali njira yowaletsera, ananditchulira robots.txt, kafayilo kamene Martijn Koster anayambitsa mu 1994 ndipo malamulo ake anakhazikitsidwa mu 2022 m'chikalata chotchedwa RFC 9309. Mwini tsamba amalembamo malo amene mapulogalamu asalowe. Koma kafayiloka kali ngati chikwangwani cha pa mpanda chakuti "pano palibe njira": waulemu amabwerera, wopanda ulemu amangodutsa. Loko weniweni ndi zinthu monga CAPTCHA, timafunso tija tokuuza kuti usankhe zithunzi za mabasi, timene ndakhala ndikutinyansidwa osadziwa ntchito yake.

Tinalemba robots.txt yathu madzulo omwewo, tikulola Googlebot kuona mabuku koma kutseka tsamba la maoda. M'mawa mwake Googlebot inali italemekeza chikwangwanicho, koma alendo awiri opanda dzina lodziwika anali atalowa pa tsamba la maodalo.