Kukhwimitsa thanki yatsopano ya nsomba ndi shrimp: ziro awiri sakwanira

Thanki yagalasi yomwe mwangoithira madzi imaoneka yoyera, koma ilibe mphamvu yosunga chamoyo. Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'makha ndi m'ndowe, ndipo chakudya chotsala chikawola chimawonjezera winanso. M'nyanja poizoniyu amasungunuka n'kuzimirira m'madzi ambiri. M'thanki ya malita 60 amangounjikana, pokhapokha mutakhala tizilombo tomudya. Ntchito yonse ya masabata oyamba, yomwe oweta nsomba amaitcha cycling, ndi kuweta tizilombo timeneti nsomba zisanalowe.

Gulu loyamba la mabakiteriya, monga Nitrosomonas, limasandutsa amoniya kukhala nitrite. Nitrite nayenso ndi poizoni: amalowa m'magazi a nsomba n'kuwalepheretsa kunyamula okosijeni, moti nsomba imapuma mwabefu pamwamba pa madzi ngakhale mpweya ulimo wokwanira. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe saopsa kwambiri ndipo amachoka posintha madzi kapena kudyedwa ndi zomera. Mabuku akale amati gulu lachiwirili ndi Nitrobacter, koma kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti m'mathanki a madzi opanda mchere ntchitoyi imagwiridwa kwambiri ndi Nitrospira. Mu 2015 kunapezekanso kuti mitundu ina ya Nitrospira imatha yokha ulendo wonse, kuchoka pa amoniya kufika pa nitrate.

Kwa woweta, mayinawa si ofunika ngati khalidwe lawo. Mabakiteriyawa amaswana pang'onopang'ono, kuwirikiza kamodzi pa maola ambiri kapena tsiku lathunthu. Sayandama m'madzi, amamatirira pa siponji ya fyuluta, pamchenga ndi pamiyala. Amafuna okosijeni usana ndi usiku. Choncho kutunga ndowa ya madzi m'thanki yakale ya mnzanu sikuthandiza kwenikweni, pamene kachidutswa ka siponji yakuda ya m'fyuluta yake kangadule nthawi kuchoka pa masabata 4 mpaka 6 kufika pa sabata imodzi kapena awiri. Ingodziwani kuti siponjiyo imabweranso ndi alendo: nkhono, matenda a nsomba, ndi nyongolotsi zophwatalala za planaria zomwe zimagwira ana a shrimp, tizamoyo tating'ono ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu.

Kayalidwe ka thanki n'kosavuta. Ikani mchenga kapena timiyala totsukidwa bwino kufika masentimita 3 mpaka 5, fyuluta ya siponji yoyendera pampu ya mpweya, hita, ndi zomera zosavuta monga Java moss, Anubias ndi Java fern. Fyuluta ya siponji ndiyo yoyenera shrimp chifukwa ana ake amabadwa aang'ono ngati mamilimita 2, ndipo fyuluta yokoka madzi mwamphamvu imawameza. Madzi a pampopi amafunika mankhwala ochotsa klorini nthawi iliyonse mukathira, chifukwa klorini amapha mabakiteriya omwe mukuwaweta. Kusiya madzi m'ndowa tsiku limodzi kumachotsa klorini wamba, koma sikuchotsa chloramine, yemwe ndi klorini wophatikizidwa ndi amoniya. Madzi a pamjigo alibe klorini koma ena amakhala ndi mchere wa m'nthaka wambiri kapena ayironi, ndiye ayezeni kaye. Madzi a mvula ochoka padenga la malata apeweni: alibe mchere womwe shrimp zimafuna ndipo angatenge zinki ya pamalata.

Tsopano chakudya cha mabakiteriya. Njira yoyera ndi ya ammonium chloride. Sungunulani magalamu 10 mu lita imodzi ya madzi, ndipo mililita iliyonse ya madzi amenewa imakhala ndi amoniya wa mamiligalamu pafupifupi 3.2. Thanki yolembedwa malita 60 imasunga madzi pafupifupi malita 50 mukachotsera mchenga ndi mpata wa pamwamba, ndiye kuti mufike pa 2 ppm (mamiligalamu 2 pa lita iliyonse) mukufunika mamiligalamu 100, omwe ndi mamililita 31. Ammonium sulphate wosasakanizidwa ndi china amagwiranso, magalamu pafupifupi 0.4 pa malita 50 omwewo, koma feteleza wosakaniza wa NPK musamuyerekeze, fosifolasi wake adzakudzazirani ndere. Amoniya wotsukira m'nyumba yemwe amachita thovu mukamukhutchumula ali ndi sopo, sayenera. Kuthira chakudya cha nsomba kuti chiwole kumagwira, kungoti simudziwa kuchuluka kwa amoniya yemwe mwaika, ndipo nguwi zimamera pachakudyacho.

Hita ikhale pa madigiri 26 mpaka 28 nthawi yonse yokhwimitsa. Kumadera okwera ngati Dedza kapena Mzuzu, madzi a m'nyumba m'mwezi wa June amatha kutsika pansi pa madigiri 18, ndipo pamenepo mabakiteriya amachita ulesi kwambiri.

Poyeza gwiritsani ntchito mankhwala a madontho, osati timapepala toviika, chifukwa timapepala tambiri tilibe gawo la amoniya. Muyenera kuyeza amoniya, nitrite, nitrate, pH (muyeso wa asidi m'madzi), KH (ma carbonate a m'madzi) ndi GH (mchere wa m'nthaka monga kashiamu). Pa zoyezera za kampani ya API, botolo lachiwiri la nitrate liyenera kukhutchumulidwa mwamphamvu masekondi 30, kenako kachubu kwa mphindi imodzi, n'kudikira mphindi 5. Mukapanda kutero limaonetsa ziro ngakhale nitrate ali tho, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti thanki yaima pamene vuto lili m'dzanja.

Zimayenda motere. Sabata yoyamba palibe chosintha, ndipo musawonjezere kanthu. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 amoniya amayamba kutsika, nitrite n'kuonekera. Amoniya akatsika pansi pa 0.5 ppm, wonjezerani mpaka 1 kapena 2 ppm, koma osati tsiku lililonse. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amoniya wa 1 ppm amabereka nitrite wa pafupifupi 2.7 ppm, amene pambuyo pake amakhala nitrate wa 3.6 ppm. Mukamathira 2 ppm m'mawa uliwonse gulu lachiwiri lisanakule, nitrite amadutsa 5 ppm, pomwe choyezera chimathera, ndipo simudziwanso ngati ali pa 6 kapena pa 30. Zikafika apo, sinthani theka la madzi ndipo muzithira amoniya kamodzi pa masiku atatu. Gulu loyamba silifa ndi njala ya masiku ochepa. Gawo la nitrite ndilo lalitali, masabata awiri kapena atatu, kenako amagwa mwadzidzidzi m'masiku awiri okha.

Chomwe ndaona kuti chimafotokozedwa mosakwanira ndi KH, yomwe ndi kuchuluka kwa ma carbonate otchinjiriza madzi kuti asasanduke asidi. Mabakiteriya akamadya amoniya amatulutsa asidi, ndipo miligalamu iliyonse ya nayitrojeni imadya ma carbonate pafupifupi mamiligalamu 7. Tikawerengera, amoniya wa 2 ppm amachotsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a digiri imodzi ya KH. Madzi anu akakhala ndi KH ya 2, mukathira amoniya katatu yatha. Zikatero pH imagwa mofulumira, ndipo pansi pa 6.5 mabakiteriya amafooka, pofika 6 amangotsala pang'ono kuimiratu. Chizindikiro chake ndi thanki yomwe imayenda bwino kenako amoniya n'kusiya kutsika. Mankhwala ake ali kukhitchini: soda wophikira therere. Magalamu 1.5 pa malita 50 amakweza KH ndi digiri imodzi. Sungani KH pa 3 kapena 4 mpaka mutamaliza.

Lamuloli lili ndi popatukira. Shrimp za mtundu wa Caridina, monga crystal red, zimafuna madzi a asidi pang'ono, pH yapakati pa 5.8 ndi 6.8, KH ya 0 kapena 1, ndipo zimawetedwa pa dothi lapadera lotsitsa pH ngati ADA Amazonia. Dothi limeneli limatulutsa lokha amoniya m'masabata oyamba, ndiye simuthiranso wina. Mukaikamo soda, dothi limayamwa ma carbonate n'kutha mphamvu msanga. Thanki yotere mumangoilezera mtima, imatenga masabata 6 mpaka 8 kapena kuposa. Kwa woyamba kumene, ine ndingasankhe Neocaridina davidi, yofiira ija yotchedwa cherry shrimp, yochokera ku Taiwan ndi China. Imapirira pH ya 6.5 mpaka 7.8, GH ya 6 mpaka 8, ndi kutentha kwa madigiri 20 mpaka 26.

Madzi oyera ngati mkaka m'masiku oyamba ndi mabakiteriya amtundu wina odya zinyalala, amatha okha. Ndere zofiirira zomwe zimakuta galasi sabata yachiwiri kapena yachitatu musazipale zonse, ndi chakudya cha shrimp. Nyali iziyaka maola 6 mpaka 8 basi.

Thanki imatengedwa kuti yakhwima mukathira amoniya wa 2 ppm, n'kupeza amoniya ali pa 0 ndi nitrite ali pa 0 patatha maola 24, ndipo zichitike kawiri motsatizana. Kenako sinthani madzi ambiri, 50 mpaka 80 peresenti, kuti nitrate atsike pansi pa 20 ppm, n'kutsitsa hita kufika pa madigiri 24.

Kwa nsomba, apa mwafika. Kwa shrimp, ayi. Ziro awiri aja akungonena kuti fyuluta ikuchotsa poizoni, sakunena kuti m'thankimo muli chakudya. Shrimp imakhalira kutolatola tsiku lonse kanthu koterera kamene kamamera pamiyala, pamasamba ndi pasiponji, kosakanikirana mabakiteriya, ndere ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Zazikulu mungazidyetse chakudya chogula, koma ana ongobadwa sayenda patali, amadya chomwe chili pomwe aima. M'thanki ya masabata 5 kanthu kameneka kamakhala kasanachuluke, ndipo zotsatira zake ndi shrimp zomwe zimaswa mazira 20 kapena 30 koma mwana wokula osaoneka. Ndiye dikiraninso masabata 4 mpaka 8. Pa nthawiyi lowetsani nsomba zochepa kuti zizidyetsa mabakiteriya, kapena pitirizani kuthira amoniya wa 0.5 mpaka 1 ppm pa masiku atatu aliwonse. Ponyanimo masamba awiri ouma a gwafa kapena a Indian almond, ochokera pamtengo wosapoperedwa mankhwala, chifukwa kanthu kaja kamamera msanga pa iwo.

Nsomba zokhala ndi shrimp zikhale za pakamwa paling'ono, monga Otocinclus, ember tetra ndi chili rasbora, ndipo ngakhale zina mwa izi zimatola kamwana zikakapeza poyera, n'chifukwa chake moss ayenera kuchuluka. Mbuna za m'nyanja ya Malawi, zomwe zimakondedwa m'mathanki padziko lonse, zimadya shrimp osasiyako. Komanso thanki ya mbuna imafuna pH ya cha m'ma 8, pomwe amoniya amaopsa kwambiri: pa madigiri 25, amoniya wa mtundu wakupha amakhala pafupifupi 0.6 peresenti ya yense pa pH ya 7, koma amadutsa 5 peresenti pa pH ya 8. Choyezera chikaonetsa 0.5 ppm m'mathanki awiriwa, ngozi yake si yofanana.

Yambani ndi shrimp 10 mpaka 15. Zikhuthulireni m'kabeseni ndi madzi omwe zabwera nawo, n'kumadonthezeramo madzi a m'thanki kudzera pa kapaipi ka mpweya komangidwa mfundo, dontho limodzi kapena awiri pa sekondi, kwa ola limodzi kapena awiri. Shrimp imafundula chikhokho chake ikamakula, ndipo madzi akasintha mwadzidzidzi imakakamizika kufundula nthawi isanakwane. Mukaona mzere woyera wozungulira kumbuyo kwa mutu, chikhokho chasweka molakwika ndipo kawirikawiri imafa. GH yotsika kwambiri imabweretsanso vutoli. Ndiye zikangolowa, sinthani madzi 10 mpaka 15 peresenti pa sabata, ofanana kutentha, mowathira pang'onopang'ono.

Imfa zina sizikhudzana n'komwe ndi amoniya. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa (mkuwa) amapha shrimp zonse. Mankhwala a udzudzu a gulu la pyrethroid ndi oopsa kwambiri kwa zamoyo za mtundu wa nkhanu: kupopera m'chipinda, kuyatsa koyilo pafupi ndi pampu ya mpweya, kapena kudula neti yonyikidwa m'mankhwala kuti muvindikire thanki, chilichonse mwa izi chingamalize gulu lonse usiku umodzi, zoyezera zili pa ziro. Zomera zogula zimene zinapoperedwa mankhwala a tizilombo zimachitanso chimodzimodzi. Ndipo shrimp zikachulukana, musakataye zotsala mumtsinje kapena m'damu, chifukwa Neocaridina yakhazikika kale m'madzi a kutchire ku Hawaii ndi m'mitsinje ina ya ku Germany.

Siponji muziitsukira m'madzi omwe mwachotsa m'thanki, kuifinya pang'ono chabe, osati pampopi. Magetsi akazima, fyuluta ya siponji imapirira chifukwa ili m'kati mwa madzi a thanki yonse, ndipo kapampu ka mpweya koyendera USB kolumikizidwa ku power bank kamakwanira kuiyendetsa. Fyuluta yotsekeka ya canister, yomwe imakhala kunja kwa thanki, ndiyo yoopsa: okosijeni amatha m'menemo m'maola ochepa, mabakiteriya amayamba kufa, ndipo magetsi akabwera imalavulira madzi onunkha m'thanki. Akazima nthawi yaitali, itseguleni, ikani siponji ndi timiyala take m'beseni la madzi a m'thanki osaya, tayani madzi omwe anali m'katimo musanailumikizenso, ndipo yezani amoniya ndi nitrite kwa masiku atatu otsatira, uku mukudyetsa theka la chakudya cha masiku onse.