Zimene Prosecco wandiphunzitsa pa malamulo a mayina a vinyo

Mtima wanga wakhala m'malo tsopano pa gawo la maphunziro athu lokhudza mayina otetezedwa a vinyo, ndipo ndikufuna kulemba zimene ndamvetsa zisanazilale m'mutu. Sindifotokoza zambiri za PDO ndi PGI, magulu awiri a mayina otetezedwa a madera a vinyo, monga zilili m'lamulo la European Union la 1308/2013, popeza tonse tinaloweza kale kuti pa PDO mphesa zonse zimayenera kuchokera m'dera lotchulidwalo, pomwe pa PGI zikakwana 85 peresenti n'zololedwa. Manambalawa sanandivute. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali chakuti sindinkaona chimene lamuloli likutchinjiriza kwenikweni, kaya ndi kukoma kwa vinyo, kaya ndi mtundu wa mphesa, kaya ndi kampani yomwe yamupanga.

Nkhani ya Prosecco, vinyo wathovu wa ku Italy, ndiyo inamasula mfundo yonse. Kufikira chaka cha 2009, Prosecco linali dzina la mtundu wa mphesa, monga alili mayina a Chardonnay ndi Merlot, choncho mlimi aliyense wobzala mtundu umenewu, kaya ali dziko liti, akanatha kulemba dzinalo pabotolo lake. Kawirikawiri lamulo la mayina a madera silitsekera anthu dzina la mbewu. Alimi a ku Italy ataona kuti vinyo wawo wathovu watchuka ndipo ena ayamba kudyerapo, boma lawo linakhazikitsa kuti mphesazo zizitchedwa Glera, lomwe ndi dzina lina lakale la mtundu womwewo, kenako linalozera anthu mudzi wotchedwa Prosecco umene uli pafupi ndi mzinda wa Trieste, n'kulemba malire a dera lokhala ndi zigawo 9 za ku Veneto ndi Friuli Venezia Giulia. Mphesa zinali zomwezo, matanki owiritsiramo vinyo kachiwiri anali omwewo, anthu ake anali omwewo, koma dzina linachotsedwa pa mbewu n'kuikidwa pa nthaka, ndipo kuyambira pamenepo wobzala Glera kunja kwa malirewo sangagulitse vinyo wake m'maiko a European Union pa dzina la Prosecco.

Ndikayang'ana m'mbuyo pang'ono ndimaona kuti a ku Italy anaphunzira zimenezi mowawa, chifukwa mu 2007 iwo omwewo analandidwa dzina la Tocai Friulano, lomwe linali la mphesa, pa chifukwa chakuti linkamveka ngati Tokaj, dera la vinyo la ku Hungary. Dzina la malo linagonjetsa dzina la mbewu, ndipo vinyo uja lero amangotchedwa Friulano. Patangopita zaka ziwiri anagwiritsa ntchito lamulo lomwe linawapwetekalo kuti atchinjirize Prosecco.

Pamenepa m'pamene zina zonse zinayamba kulumikizana. Dzina lotetezedwa si katundu wa munthu mmodzi woti angagulitse kapena kusamuka nalo monga zimachitikira ndi chizindikiro cha kampani. Ndi la aliyense amene munda wake uli m'kati mwa malire ndipo akutsata chikalata cha malamulo a deralo. Ku Champagne, dera la vinyo wathovu la ku France, kumene malire anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1927 pambuyo pa zipolowe za alimi za mu 1911, chikalatacho chimalamula kuti mphesa zithyoledwe ndi manja, kuti pa makilogalamu 4,000 pafinyidwe malita 2,550 okha, kuti vinyo awire kachiwiri m'botolo momwemo, komanso kuti akhale miyezi yosachepera 15 asanagulitsidwe, kapena zaka zitatu ngati walembedwa chaka chokolola. M'chikalata chonsecho mulibe lonjezo lakuti vinyoyo adzakoma. Lebulo imangochitira umboni za kumene mphesa zinamera ndi mmene zinasamalidwira.

N'chifukwa chake sindikuonanso PGI ngati kalasi ya vinyo wotsika pansi pa PDO. M'zaka za m'ma 1970, vinyo wina wodula kwambiri wa ku Toscana ku Italy, monga Sassicaia ndi Tignanello, ankagulitsidwa pa gulu lotsikitsitsa la vinyo wamba. Sassicaia amapangidwa ndi Cabernet, mphesa zimene malamulo a kumeneko sankazidziwa, ndipo opanga Tignanello anakana kusakaniza mphesa zoyera zimene malamulo a dera lawo la Chianti ankakakamiza pa nthawiyo. Mu 1992 Italy anakhazikitsa gulu la IGT, lomwe lero limawerengedwa ngati PGI, lopatsa opanga otere mpata wotchula dera lawo popanda kumangidwa manja pa mitundu ya mphesa. Kusiyana kwa magulu awiriwa kwagona pa kulimba kwa mgwirizano wa vinyo ndi malo ake, ndiponso pa ufulu umene wopanga wavomera kutaya.

Njira imene yandithandiza, ndipo ndikuiona kuti imaposa zonse, ndiyo kusiya mabuku ofotokozera n'kumawerenga zikalata zenizeni za madera, zomwe zimapezeka m'kaundula wa European Union wotchedwa eAmbrosia pa intaneti. Ndimatenga botolo limodzi, n'kuwerenga mawu alionse a pa lebulo, kenako n'kufufuza ndime ya chikalata imene yalola mawu amenewo. Ndikukhulupirira kuti munthu amene wachita zimenezi ndi madera atatu okha safunikanso kuwerenga china chilichonse pa mutu umenewu. Njirayi imagwiranso ntchito pa mabotolo a ku South Africa amene adzaza m'masitolo a kwathu kuno, chifukwa dongosolo lawo la Wine of Origin, lomwe linayamba mu 1973, limafuna kuti mphesa zonse zichokere m'dera lolembedwalo, kaya ndi Stellenbosch kaya Paarl, pomwe mtundu wa mphesa ndi chaka chokolola zimafunika kukwana 85 peresenti. Vinyo wawo wathovu wowira m'botolo amatchedwa Cap Classique, popeza dzina la Champagne analisiya kalekale pa pangano la 1935 ndi France lomwe linawatsegulira msika wa nkhanu zam'nyanja.

Chondiwawa n'chakuti m'kalasi tinathera milungu yambiri pa mndandanda wa zilembo, AOC, DOC, DOCG, DO, zoimira magulu a mayina otetezedwa ku France, Italy ndi Spain, ngati kuti tikukonzekera mpikisano wa kuloweza, ndipo mphunzitsi wathu sanatipatse nkhani ngakhale imodzi yoonetsa anthu akulimbirana dzina. Mayeso ayandikira, ntchito za maphunziro ena zaunjikana, ndipo nthawi yoti ndiwerenge zikalata za madera a Rioja ku Spain ndi Douro ku Portugal mofatsa palibe. Ndikadakonda kuti tikambiraneko ngakhale za mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, umene dzina lake ndi la mtundu wa mbewu komanso la chigwa cha ku Tanzania, chifukwa vuto lake likufanana ndi la Prosecco.

Pali mbali imodzi imene sindinakhazikike nayo maganizo. Alimi a ku King Valley ku Australia anabzala mphesa zija pamene zinkatchedwabe Prosecco, ndipo amanena kuti dzina limene anagula nalo mbewu silingasanduke malo chifukwa boma lina lasaina pepala. Ndikamawerenga mbali ya Italy ndimavomereza, ndikamawerenga mbali yawo ndimavomerezanso. Ku Bordeaux nako, dera la vinyo la ku France, mu 2021, analola mitundu yatsopano ya mphesa yopirira kutentha, monga Touriga Nacional ya ku Portugal, malinga isapitirire 10 peresenti ya vinyo wosakanizidwayo. Ngati mphesa zingasinthe, nyengo ikusintha, ndipo malire angakulitsidwe pamene msika wakula, sindikudziwa ngati dzinalo likutchinjiriza nthaka kapena gulu la anthu amene ali ndi mphamvu yolemba chikalata, ndipo sindinasankhe kuti ndidzaima pati funso limeneli likadzabwera pamayeso.