Beetle ya madala ndi mabuleki omwa oyilo

Lolemba pagalaja pathu ku Booysens panafika Volkswagen Beetle ya 1974, zija ankapanga ku Uitenhage kuno ku South Africa mpaka 1979. Eni ake ndi madala akwathu a ku Rosettenville, amene anabwera kuno ku Joni ife tisanabadwe. Dandaulo lawo linali lakuti handibuleki sikugwira pamtunda, ndipo tayala lakumbuyo kumanzere limati nthawi zina likaterereka, nthawi zina n'kugwira mwadzidzidzi.

Nati ya 36 mm ya pa akisulo inatitulutsa thukuta. Inamasuka titalumikiza paipi yaitali ku sipanala. Dilamu, chitsulo chozungulira chimene mabuleki amagwira m'kati mwake, itachoka, m'kati monse munali phala lakuda lonata. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anafulumira: "Achimwene, silinda yaphulika iyi." Ankanena silinda ya patayala, imene imakankha mabuleki ndi buleki fuluwidi. Ndinamuuza anunkhize kaye. Oyilo wa giyabokosi amanunkha safa, fungo loti ukalimva kamodzi suliiwala. Buleki fuluwidi amasungunuka m'madzi, koma dontho limene tinaika m'kapu linangoyandama. Silinda inali youma. Yotha inali oil seal ya pa akisulo, yotchinga oyilo wa giyabokosi kuti asafike kumabuleki.

Lachiwiri linali la mkangano. "Mwana wanga, tangotsukani ndi petulo, mupale ndi sandipepa. Kale tinkatero," anatero madala. N'zoona ankatero, ena mpaka kuwamba pamoto. Koma lining ya brake shoe, mbali imene imakhula dilamu pogwira buleki, imamwa mafuta ngati nyuzipepala yokulungira mandasi. Pamwamba payera lero, koma buleki ikangotentha potsetsereka, oyilo wam'kati amatulukanso. Moto nawo umafooketsa guluu womata lining kuchitsulo, ndiye ikamatuka muli pamsewu tayala likhoza kuima nji. Dilamu yokha ndiyo yotsuka, chifukwa chitsulo sichimwa.

Anavomera monyinyirika, makamaka atamva kuti tisintha ma shoe mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi yatsopano, ina yakale, galimoto siima mowongoka.

Mnyamata uja ndinamulanda paipi ya kompulesa akufuna kupemerera fumbi. Asibesitosi, amene kale ankaikidwa m'ma lining ndipo fumbi lake limaononga mapapo, analetsedwa ku South Africa mu 2008, koma ma shoe a galimoto yogona m'galaja zaka zambiri akhoza kukhala akale kuposa lamulolo. Timanyowetsa n'kupukuta basi.

Lachitatu tinadikira zida, uku tikuchita sevisi ya mabaki (mapikapu) awiri. Lachinayi tinaika ma shoe atsopano, seal, ma O-ring ndi gasiketi, kutsegula kabowo kotayira oyilo kamene kanatsekeka ndi matope, kumanga nati pa toki (mlingo womangira) yake ndi split pin yatsopano, n'kuthira oyilo m'giyabokosi. Anali atatsika ndithu.

Lachisanu ndinakaiyesa pa Munro Drive ku Houghton, ndipo handibuleki inagwira pachitunda chija osasuntha. Mabuleki a Beetle sadzisintha okha, choncho madala abweranso ma shoe akakhazikika kuti tidzapotoze tinyenyezi tiwiri ta tayala lililonse, tosendezera ma shoe kufupi ndi dilamu. Seal yakumanja nayo yayamba kunyowa pang'ono. Ndawaonetsa, akuti tidikire mwezi uthe.