Sipuling'i ya Peugeot ndi kalongonda wa apongozi

Amalume atamwalira, abale anagawana munda wa nthochi, mbuzi ndi wailesi. Ine anandiponyera Peugeot 404 ya pikapu, ati poti ndine wodziwa za zitsulo. Kudziwa kwakeko n'kwakuti ndinkamata machubu a njinga za kabaza pa Luchenza.

Galimoto za mtunduwu zinayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo yangayi giya yake ili pachiwongolero, moti achinyamata akaiona amafunsa ngati ndi indiketa. Injini inalibe mlandu. Matenda anali kutsogolo. Mashoki anali atataya mafuta kalekale, ndiye ukaponda kadzenje, galimoto inkapitiriza kudumpha mpaka utaiwala komwe kadzenjeko kanali. Mabushi a labala anali atanyenyeka, ball joint (mfundo yachitsulo imene tayala limakhoterapo) ikugwedera, ndipo ukakhotetsa chiwongolero kumanja, matayala ankayamba aganiza kaye. M'misewu yafumbi yodutsa m'minda ya tiyi anthu ankandimva ndisanaonekere: gugudu! gugudu!

Makaniko wina pa Luchenza anagwedeza tayala n'kutchula mtengo woti makutu anga anatentha. Ndikuchoka anandikuwira kuti, "Bwana, ngati mukachite nokha, sipuling'i ija musakamasule popanda chopanira chake!" Ndinamva ndithu. Koma kunyumba kunali alamu anga.

Ndinene pano kuti ine ndimakhala chikamwini, ndipo nyumba ya apongozi ili pafupi moti akayetsemula timamva. Alamuwo, mchimwene wa mayi a kunyumba, anagwirapo ntchito yokweza katundu pa lole, choncho pamudzi pathu iwo ndiye injiniya.

"Chopanira cha chiyani, alamu?" anatero. "Azungu amapanga zimenezo chifukwa kwawo kulibe linya."

Ndinakwera minibasi kukagula mashoki ndi mabushi ku Limbe. Loweruka m'mawa, kachiperoni kakuwaza, tinaimika galimoto pansi pa mtengo wa mapeyala, jeke kunsi, njerwa kumatayala akumbuyo. Mabawuti anali atadya dzimbiri la zaka zambiri. Tinathira mafuta, tinamenya ndi hamala, tinavekera paipi kusipanala kuti italike, mpaka mwendo wonse wakumanzere unatuluka. Pa 404 shoki imakhala m'kati mwa sipuling'i yopiringizika, ndipo zonsezo zimagwidwa ndi mbale yachitsulo ndi nati pamwamba. Sipuling'iyo imakhala yopanikizika kale. Ndi imene imanyamula kulemera kwa injini, ndiye mutha kuona mphamvu imene natiyo imatsekereza.

Alamu anaimanga ndi linya mbali zitatu, n'kuwonjezera waya woyanikapo zovala wa mlongo wawo. Anaiponda ndi phazi, n'kunena kuti, "Imeneyi ngakhale njovu siingadule. Masulani."

Chapatali pang'ono apongozi anali atakhala pamphasa, akusonkhezera moto. Pamafuwa panali mphika wadothi wa kalongonda. Amene si a kuno mwina sadziwa: kalongonda saphika mothamanga. Amawira kuyambira m'bandakucha, madzi n'kumataya, kuthira ena, chifukwa akapanda kupsa bwino amazunguza mutu. Tsiku limenelo ankayembekezera alendo a kumpingo, ndipo nkhuni zinali zitapitapo mtolo wathunthu.

Natiyo inkabwera mofewa, ine mpaka kuimba kamluzu. Itafika pa mazinga omaliza ndinamva linya akulira kuti tswii. Ndinayang'ana alamu. Alamu anali kale kuseri kwa nkhokwe.

Phwaa!

Mbale yachitsulo inadutsa pafupi ndi khutu langa n'kukathothola mapeyala awiri. Sipanala sindinaione komwe inalowera. Sipuling'i inanjanja pansi kamodzi, inalambalala tambala, n'kukatera m'kati mwenimweni mwa mphika. Mphika unagawika pakati, moto unazima kuti tsii, kalongonda mbwee bwalo lonse, nkhuku nazo n'kuyamba msonkhano. Sipuling'iyo sinaime. Inagubuduka kutsetsereka, n'kulowa m'munda wa tiyi wa kumunsi.

Apongozi sanakuwe. Bola akanakuwa. Anachotsa nyemba imodzi pa duku, anaiyang'ana, kenaka anaitana mwana wawo.

"Tawafunsa apongoziwo ngati nkhondo yatha, ndidzuke."

Ine n'kuti nditagwada kale, manja ali bii ndi girisi, ndikuwomba m'manja mopepesa. Mayi a kunyumba ankathamangitsa nkhuku uku akulira, poopa kuti zikadya kalongonda wosapsa ziyamba kudzandira. Alamu anatulukira kuseri kwa nkhokwe akukutumula thalauza. "Linya wa masiku ano," anatero, "si linya."

Tinasaka sipuling'i mpaka dzuwa kulowa. Tiyi akamera mothithikana, pamwamba pali see, koma pansi ngakhale mbuzi itha kubisala. Mlonda wa esiteti anatipeza tikukwawa, mitu m'tchire, ndipo nkhani yoti tikufuna chitsulo cha galimoto sinamugwire mtima mpang'ono pomwe. Anatiperekeza mpaka kumsewu.

Alendo a kumpingo anadya nsima ya tambala uja. Anapulumuka sipuling'i, koma apongozi sanawapulumuke. Ndinagula mphika watsopano, mtolo wa nkhuni, waya woyanikapo zovala, ndipo tambalayo anawerengedwanso pa ine.

Sipuling'i ina ya 404 sinapezeke msanga. Pa Limbe munthu wina wogulitsa zitsulo zakale anandipatsa ya galimoto ina, n'kulumbira kuti n'zofanana. Pamenepa ndinabwereka chopanira kwa makaniko uja, yemwe anaseka mpaka kukhala pansi pa tayala. Titamanga zonse n'kutsitsa jeke, tinapeza kuti yatsopanoyo ndi yaitali. Galimoto inaima mopendekeka, kumanzere kuli m'mwamba, kwa dalaivala kuli pansi. Phokoso lija linatha ndithu, koma ndikanyamula nthochi kupita nazo ku Bvumbwe, mikoko yonse imatsetserekera mbali yanga, ndipo wapolisi wina pamsewu anazungulira galimoto yonse n'kundifunsa kuti ndimalemera makilo angati.

Lamlungu lapitali apongozi anavomera kuti ndiwaperekeze ku tchalitchi. Anaima patali, anayang'ana mwendo wakumanzere uja nthawi yaitali, n'kuuza mwana wawo kuti, "Ine ndikwera kumbuyo. Kutsogoloko kukhale mchimwene wakoyo."